Chambo M'jumbo ndi Mkamwini wa ku Joni

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndinaipeza ndili kale ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Kalata yofunsira ntchito sindinalembe, poti sindidziwa kulemba. Ngakhale izi akundilembera ndi mnansi wanga, ndipo ndamuuza kuti asathiremo shuga.

Amuna anga atamwalira ku Nkhudzi, abale awo anatenga bwato ndi ukonde, ine ndinasamukira ku boma kwa mwana wanga. Moyo wanga wonse ndinali ndikuwamba nsomba, koma kunyanja zimenezo saziwerengera ngati ntchito. Amati ndi ukazi basi. Tsiku lina pamsika wa ku boma ndinaona mayi wina wovala bwino, foni m'manja, akusankha chambo chowamba. Chambocho chinali chonyezimira ngati nsapato ya wapolisi. Ndinalephera kudzigwira.

"Mayi, chimenecho chawambidwa ndi nkhuni zaziwisi, ndipo achipaka mafuta ophikira kuti chiwale. Mkucha chikhala ndi mphutsi."

Wogulitsa uja ananditukwana mpaka makolo anga, koma mayiwo ananditsatira mpaka pa milu ya tomato. Anali Abiti Jafali. Anali ndi bizinesi yotumiza nsomba kwa anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anthu a kuno komwe amene anapita m'tauni koma pakhosi panatsala kunyanja. Amaitanitsa pa foni, amalipira pa foni pomwepo, ife n'kumanga katundu. Anandifunsa kumene ndinaphunzira za nsomba. Ndinawaonetsa zikhatho. Lolemba lake ndinayamba ntchito.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mauvuni awiri a njerwa, thandala loyanikira nsomba, ndi kasitolo ka malata. Chambo chikabwera m'mawa kuchokera kudoko, ndinkachipala mamba, kuchitumbula, kuching'amba kumsana kuti chitambasuke, kuchitsuka, kuwaza kamchere, n'kuchiyala pa thandala kuti madzi akhe. Kenaka pa waya wa pa uvuni. Pansi pamafunika nkhuni zouma, moto wofatsa, utsi wambiri malawi ochepa. Ukaona mafuta ayamba kudontha umatembenuza. Chikapsa umachiphula n'kuchiyala m'malichero pamthunzi kuti chizizire mpaka mawa lake, ndiye umachibwezeranso pa waya. Kuwamba koyamba n'kuphika chabe. Kwachiwiri ndiko kumachotsa madzi a mkati, a pafupi ndi fupa la msana. Nsomba zouma bwino ukazigunditsa ziwiri zimalira ngati timatabwa.

Pomanga katundu tinkagula makatoni akale m'magolosale. A sopo ayi, nsomba imatenga fungo. A mabisiketi ndi a mafuta ophikira ndiwo anali abwino. Ndinkaboola timabowo m'mbali ndi msomali kuti mpweya uzidutsa, kuyala udzu wouma pansi, kusanja nsomba mutu kumchira, udzu wina pamwamba, selotepi, chingwe. Abiti Jafali ankalemba dzina ndi nambala ndi cholembera chachikulu chakuda. Ine ndinkamangirira kansalu pa chingwe, kofiira ku Lilongwe, kobiriwira ku Blantyre, kuti ndisasokoneze. Kenaka pa kabaza mpaka ku ofesi ya kampani yonyamula katundu. Kumeneko kunali mayi wa pa sikelo, amene ankayeza katoni iliyonse n'kutilipiritsa malinga ndi kulemera kwake, kuwonjezerapo kena ka phukusi lililonse palokha.

Sikelo imeneyo ndiyo inali chilonda cha Abiti Jafali. Mafuta a galimoto akakwera, mtengo wotumizira unkakwera nawo. Iwo akakweza mtengo wa nsomba, a m'tauni ankalira ngati awaba. Ankandiitana kuti anganga, ndiye kuti agogo m'Chiyao, ndipo kawirikawiri ndikabwera ku ofesi kuja ankati, "Anganga, ine ndikugwirira ntchito eni magalimoto."

Chaka changa chachiwiri kunabwera Che Rashidi. Ameneyu anali mkamwini pakhomopo, anakwatira mwana wamkazi wa Abiti Jafali, ndipo anali atangofika kumene kuchokera ku Joni ndi chikwama chimodzi, magalasi akuda, ndi nzeru zodzaza lole. Ku Joniko ankagwira ntchito m'shopu ya mabulangete, kuwapinda ndi kuwapanikiza m'mapulasitiki kuti achepe. Atafika kuno anapeza kuti palibe ofesi imene imamudikira, ndiye anayamba kuzungulira kuseri kwathu, manja m'thumba, mphuno atakwinya.

Tsono apa mumvetse bwino. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Sakhala pa mphasa imodzi, sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amapatuka. Ena masiku ano anazitaya, koma Abiti Jafali pa zimenezi anali a kale. Mawu ankayenera kudutsa mwa munthu wina. Mkazi wa Che Rashidi ankagwira ntchito pa loji ina ku Nkopola, kuchoka m'mawa kubwera madzulo, ndiye mlatho ndinali ine. Mayi ankakhala m'khitchini chitseko chili chotseka theka, mkamwini pansi pa mtengo wa mango, ine kuyenda pakati. Akakweza mawu ankamvana bwinobwino, koma mawu sankawerengedwa kuti anenedwa mpaka nditawabwereza ine.

Nzeru yake yoyamba inali yabwino, sindikana. Anati tisiye kupita ku ofesi tsiku lililonse ndi katoni imodzi imodzi, tizitumiza Lolemba ndi Lachinayi basi, ndipo a dera limodzi tiziwamangira pamodzi azikagawana konko. Za kabaza zinachepa, za phukusi lililonse zija zinachepanso. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kakakhala m'manja mwa munthu wofuna kuoneka, tsitsi likatha sikaleka, kamalowa m'khungu.

Anagula sikelo yake ya manambala oyaka. Tsiku lonse anakhala akuyeza zinthu zopanda nsomba. Anayeza katoni yopanda kanthu. Anayeza udzu. Anayeza chingwe. Anayeza ndi kansalu kanga kofiira komwe, munthu wamkulu wa ndevu zake, atanjuta pansi akudikira kuti manambala asiye kuvina. Atatha anandiitana.

"Anganga, auzeni amayi kuti mwezi uliwonse tikulipira galimoto kuti inyamule udzu kupita ku Lilongwe. Afunseni ngati ku Lilongwe kulibe udzu."

Sabata yotsatira anabwera ndi kamakina ka magetsi kooneka ngati pakamwa pa ng'ona, kokhala ndi waya wotentha mkati, ndi mtolo wa majumbo okhuthala. Anandionetsa. Uika nsomba m'jumbo, udinikiza ndi chigongono kuti mpweya utuluke, ulowetsa kukamwa kwa jumbo m'kamakinamo, upanikiza, jumbo yamatika. Majumbo onse m'thumba limodzi la saka. Makatoni, udzu ndi chingwe zithe. Ndipo kuwamba kwachiwiri kuthenso, chifukwa akuti nkhuni ndi tsiku lathunthu zimangotayika. Nsomba zichoke pa waya zilowe m'jumbo.

Ndinapita kukhitchini kukanena. Abiti Jafali anagwira chibwano, n'kunong'ona. "Nsomba imapuma. Ukaitsekera imatuluka thukuta. Kawauzeni kuti zimenezo n'zopusa."

Mawu otere sungawatule pamaso pa mkamwini. Mkamwini ndi mlendo, akakwiya amanyamula chikwama, mwana wa eni n'kutsala ndi ana. Ndipo ine ndinali wantchito, ntchito yanga yoyamba, sindinkafuna kukhala amene wapasula banja la eni. Ndiye m'mapazi khumi a pakati paja ndinawatsuka mawuwo.

"Amayi akuti nzeru zanu aziona, koma akufunsa ngati nsomba sizivutika ndi kutentha."

Anaseka. "Tsabola wakale sawawa, anganga. Ku Joni nyama imakhala mwezi wathunthu mu pulasitiki."

Za mafiriji a ku Joniko sanatchule. Ndinabwerera kukhitchini n'kunena kuti apongozi akuti ayesa pang'ono kaye aone. Sananene zimenezo. Ndinaika ndine.

Tsoka lake, anayamba mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, kukuzizira mpaka m'mafupa. Nsomba zinkafika zisanaonongeke. Mmodzi yekha wa ku Blantyre anadandaula kuti zafewa, Che Rashidi n'kumuuza kuti ndiko kukoma kwake. Malisiti anatsikadi pang'ono chifukwa cha kumanga pamodzi kuja, iye n'kumati ndi majumbo. Ankayenda nawo m'thumba la malaya, kuonetsa anzake pa bawo. Ine ndinkangoona kuti wakabaza wayamba kudandaula, akuti thumba la masiku ano likulemera ngati muli mchenga.

Unafika Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale abuluzi amabisala. Kunaimba foni Che Imedi, munthu wa ku Nkhudzi amene amakhala ku Kawale ku Lilongwe. Mayi ake anali atamwalira, ndipo Lachisanu la sabata yotsatira kunali sadaka ya alubaini, chakudya chimene timaphika masiku makumi anayi akakwana chimwalirire munthu. Tsiku limenelo silisuntha. Mayiwo ndinkawadziwa, tinkatsuka mbale doko limodzi. Che Imedi anaitanitsa chambo madazeni asanu, ndipo ananena poyera kuti akufuna chowamba Abiti Twaibu. Abiti Twaibu ndine.

Chambo chinavuta kupezeka, chinafika Lolemba m'mawa, madazeni asanu ndi limodzi. Ndinapala, ndinatumbula, ndinawamba. Dzuwa litapendeka ndinaphula chomaliza. Ofesi ija imatseka folo koloko. Ndinauza Che Rashidi kuti tidikire, ndiwambenso mawa, titumize Lachiwiri.

"Lachiwiri si tsiku lotumiza, anganga. Lamulo ndi Lolemba ndi Lachinayi, ndipo Lachinayi n'kuchedwa."

"Zikadali zofunda."

"Zizizirira m'njira. Shapu shapu."

Ndinayang'ana chitseko cha khitchini. Chitseko sichinagwedezeke. Ndiye ndinagwada, n'kuyamba kuika nsomba m'majumbo. Ndinkamva kufunda kwake m'zikhatho. Jumbo iliyonse ikangomatika, mkati munkachita nkhungu ngati galasi la minibasi kukugwa mvula. Ndinamata majumbo khumi, nsomba zisanu ndi imodzi m'jumbo iliyonse, n'kukasiya ndekha ku ofesi. Mayi wa pa sikelo anagwira thumbalo n'kundifunsa ngati muli mbatata zophika.

Panatsala dazeni limodzi. Nsomba zisanu ndi imodzi Che Rashidi anamata yekha kuti zipite ku Blantyre Lachinayi, n'kuziika m'kasitolo ka malata kaja. Zina zisanu ndi imodzi zinali za ndiwo za pakhomo. Zimenezo zinagona m'lichero, ndipo Lachiwiri ndinaziwambanso, poti pa ndiwo za eni panalibe lamulo la ku Joni.

Lachitatu cha m'ma teni foni inalira. Abiti Jafali anaikweza mawu kuti tonse timve. Che Imedi sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Mayi, thumba lija ndalitsegula pamaso pa alongo anga. Ntchentche za ku Kawale konse zili pakhomo panga. Mashehe ndinawaitana kale, mpunga ndagula kale. Lachisanu ndiwapatse chiyani? Ine ndinapempha chambo cha Abiti Twaibu chifukwa amayi ankati mayi ameneyo saphonya. Kodi anakalamba?"

Foni itaduka, Che Rashidi anakhala pa mpando wake pansi pa mango, anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Kenaka anandikodola.

"Anganga, auzeni amayi kuti pulasitiki ilibe vuto. Miyezi inayi yayenda bwino. Vuto ndi wowamba. Auzeni kuti maso a wowamba anatha, nsomba anaziphula zaziwisi. Tipeze munthu wophunzira amene angathe kutsatira malangizo."

"Wowambayo ndani, Che Rashidi?"

"Mukumudziwa."

Munthu wake ndi ameneyo. Kundinamizira anandinamizira, koma ngakhale miyendo yokanenera bodzalo anabwereka yanga. Ndinayenda mapazi khumi aja. Ndinaima pakhomo la khitchini n'kunena zonse monga anazinenera, osachotsapo, osatsukapo. Kanali koyamba.

Abiti Jafali anayang'ana pansi. Ankadziwa. Iwo omwe ndi amene anati nsomba imapuma. Koma atatsegula pakamwa ananong'ona kuti, "Anganga, nditani ine? Ndi bambo wa zidzukulu zanga. Kawauzeni kuti ndamva. Mwezi ukatha mukapumule kaye kunyumba."

Ndiye kuti ndinyamule kuchotsedwa ntchito kwanga komwe, ndikakutule ndi ulemu kwa amene wandichotsetsa, mwina ndi kugwada komwe. Ndinafika pakati pa bwalo n'kuima. Za ntchito sizinandiopse kwambiri, kwa mwana wanga sindikanagona ndi njala. Chimene chinandiimitsa ndi Lachisanu. Pa sadaka ija pakanakhala anthu a ku Nkhudzi onse okhala ku Lilongwe. Akanadya mpunga ndi nyemba, n'kufunsana kuti chambo chili kuti, n'kuuzana kuti cha Abiti Twaibu chinavunda. Dzuwa lisanalowe nkhaniyo ikanafika ku Nkhudzi pa foni. Zaka zonse zimene ndinakhala mu utsi, chimene ndinatulukamo nacho ndi dzina lokhalo. Bwato anatenga, ukonde anatenga. Dzina ndiye ndipereke kwa wopinda mabulangete?

Sindinapite pansi pa mango. Ndinalowa m'kasitolo n'kutulutsa jumbo ya ku Blantyre ija. Inali itatupa ngati mimba ya mbuzi yofa dzana. Ndinatenga nsomba za m'lichero zija, ndinatenga katoni yaing'ono imene inatsalira, ndinayala udzu, ndinasanja nsomba, ndinamanga chingwe, ndi kansalu kofiira komwe ndinamangirira kuti pasasowe kanthu. Ndinasolola nsungwi imodzi pa thandala, ndinaimanga chingwe pakati, n'kuikoloweka pa nthambi ya mango pamutu penipeni pa Che Rashidi. Ndinasuntha chingwecho mpaka nsungwi inagona mofanana.

"Mukutani, anganga? Sikelo ilipo."

"Ya manambalayo mumawerenga nokha. Iyi tiwerenga tonse."

Ndinapachika jumbo mbali ina, katoni mbali ina. Ndinakweza mawu kuti afike kukhitchini. "Nsomba za bwato limodzi, waya umodzi, manja omwewa. Kuno zisanu ndi imodzi, uko zisanu ndi imodzi, misinkhu yofanana, bwerani muone. Uko kuli katoni yanu imene mumadana nayo, udzu wanu, chingwe chanu."

Ndinachotsa dzanja. Nsungwi inagwedezeka kawiri, jumbo n'kutsika, katoni n'kukwera m'mwamba.

"Chikulemera m'jumbomo n'chiyani, Che Rashidi?"

Ndinagogoda jumboyo ndi chala.

"Ndi madzi. Madzi amene amatuluka pa kuwamba kwachiwiri, kumene munaletsa. Kuyambira Juni mwakhala mukulipira galimoto kuti inyamule madzi a m'nyanja kupita nawo ku Lilongwe. Kodi ku Lilongwe kulibe mipope?"

Ndinamupatsa mpeni wotumbulira kuti atsegule jumbo yake. Anati sikofunika. Ndinatsegula ndekha, pafupi ndi nsapato zake zoyera. Fungo lake sindilifotokoza, mwina mukuwerenga mukudya. Nsomba zinali zitachita nderere, ukagwira chala chinkangolowa. Anadzuka ndi mpando womwe. Kenaka ndinamasula katoni, ndinathyola nsomba imodzi pakati, n'kuikweza kuloza kukhitchini. Mkati munali mouma, moyera mpaka ku fupa.

Chitseko cha khitchini chinatseguka chonse. Abiti Jafali anaima chammbali, nkhope ataloza kukhoma monga mwa mwambo, koma mawu awo anamveka mpaka kwa aneba.

"Anganga, auzeni apongozi kuti makina awowo atuluke kuseri kwanga lero lomwe. Auzeninso kuti za nsomba pakhomo pano amalamula ndi Abiti Twaibu."

Ine ndinali ndikupukuta mpeni. "Amva okha, mayi."

Kupepesa panalibe amene anapepesa, kaya wa kukhitchini kaya wa pansi pa mango. Ndipo nthawi yodikira kupepesa panalibe, chifukwa dzuwa linali pamutu ndipo ku Kawale kunalibe ndiwo. Chambo chachiwisi masana sungachipeze, mabwato amakocheza m'mawa. Abiti Jafali anandipatsa ndalama, ndinazimanga pa chitenje, n'kukwera kabaza. Ndinayenda doko ndi doko mpaka kupitirira Nkopola, kufunafuna chambo chimene amayi anzanga anawamba m'mawa womwewo. Paliponse ankandiseka.

"Abiti Twaibu kugula chowamba anzawo? Kodi uvuni wanu wagwa?"

"Sunagwe, mwanawe. Unakwatiwa ndi wa ku Joni."

Ndinkasankha imodzi imodzi, kudinikiza pamsana, kununkhiza m'makha. Wina anafuna kundisakanizira za dzana, ndinamukumbutsa kuti amene anamuphunzitsa kugwira mpeni ndine. Pobwerera ndinali ndi madazeni anayi ndi theka. Kuwonjeza za m'lichero zija, kupatula imene ndinathyola, panasowa imodzi, ndipo imeneyo anandipatsa ulere mayi wina amene ankawadziwa malemuwo. Ndinayatsa mauvuni onse awiri n'kuwamba mpaka dzuwa kulowa. Zinagona m'malichero. Lachinayi m'mawa ndinazigunditsa, zinalira, ndinazimanga m'makatoni atatu.

Ku ofesi anati katundu wa Lachinayi amatengedwa Lachisanu masana. Sadaka amayamba kuphika kusanache. Panafunika munthu woti apite nazo yekha. Abiti Jafali anandituma kukafunsa apongozi ngati angapite. Apongozi anati m'mimba mukuwapota. Munthu woyenda mpaka ku Joni, Lilongwe inamutalikira.

Ndinapita ine pa basi. Kondakitala anafuna kuponya makatoni kumbuyo, pansi pa matumba a chimanga ndi tayala. Ndinakana, ndinawalipirira mpando wawo. Mipando iwiri popita, umodzi pobwera, kuwonjeza chambo chogula kawiri ndi kabaza wa tsiku lonse. Zonse zimene malisiti a m'thumba la malaya aja anapulumutsa zinathera pamenepo, ndipo sizinakwane.

Ku Kawale ndinafika madzulo. Alongo ake a Che Imedi anali atakhala pakhonde akusankha mpunga, ndipo anandilonjera mozizira. Wamkulu anadula chingwe, anachotsa udzu, anatenga nsomba ziwiri n'kuzigunditsa. Ananunkhiza. "Ichi ndiye chija," anatero, n'kuuza anzake kuti andipatse mpando.

Che Imedi anabwera atatuluka kumzikiti. Anaona makatoni, n'kukhala pafupi nane.

"Nanga choyamba chija anawamba ndani, amayi?"

"Ndine."

"Anamata m'pulasitiki ndani?"

Yankho lina linali pa lilime, dzina la munthu ndi mbiri yake yonse. Koma manja anga anali pa maondo, ndipo ndinkawaona.

"Ine ndemwe."

"Mumadziwa kuti zionongeka?"

"Ndimadziwa."

Anagwedeza mutu, n'kuuza alongo ake kuti andipangire tiyi. Lachisanu anthu anadya, mashehe anapemphera, a ku Nkhudzi anabwera kudzandigwira dzanja n'kunena kuti utsi wanga ukadali womwe uja. Dzina ndinabwerera nalo. Koma Che Imedi sanaitanitsenso nsomba kwa ife mpaka lero, ndipo sindimuimba mlandu.

Titabwerera ku makatoni, ndinachita zimene ndikanachita kalekale ndikanafunsidwa. Katoni ikakula ndimaidula ndi mpeni kuti ifanane ndi katundu. Chambo chimawambidwa kawiri, nyengo ya mvula katatu. Usipa ndimauwonjezera tsiku lina pa thandala, chifukwa wogula amagula pa chigoba koma galimoto imalipiritsa pa sikelo. Chigoba chimadzaza chimodzimodzi, sikelo n'kutsika. Dzuwa sililipiritsa. Mayi wa pa sikelo anafunsa ngati bizinesi yachepa, ine ndinati ayi, achepa ndi madzi.

Che Rashidi akadalipo. Kamakina kake tsopano kamamata mafilizesi ogulitsa pa geti la sukulu, ntchito yoyenera msinkhu wake. Mwezi watha ndinamumva pa foni akulangiza mnzake wa ku Monkey Bay kuti chinsinsi cha kutumiza motchipa n'kuumitsa katundu, akuti ndi njira imene anaiona ku Joni. Ndinangopitiriza kupala mamba. Munthu wotere kumutsutsa n'kumupatsa ulemu.

Koma chimene ndinasunga pa nyengo imeneyo si za iye. Opusa a magalasi akuda sadzatha, chaka chilichonse basi imatsitsa ena. Chimene chimandiwawa n'chakuti pabwalo lija tinalipo anthu awiri odziwa, ndipo wosadziwa mmodzi anatilamula miyezi inayi. Mayi anabisala kuseri kwa chitseko, ine ndinabisala kuseri kwa ulemu. Ndinkatenga mawu a munthu wamkulu n'kuwachotsa minga ngati ndikudyetsa khanda, ndipo amene anatsamwa ndi mwana wamasiye wa ku Kawale amene sanalakwe kanthu. Masiku ano ndikatumidwa mawu ndimawafikitsa ndi minga yake yomwe. Ndipo ndikaona chinthu chikulakwika, ayi wanga ndimamunena nsomba zikadali pa waya, mokweza, pali anthu. Amene zamupweteka akalire kwawo.